Subaru ya turbo, RX-8 kapena Altezza: yankho kwa owerenga a ku Luchenza

Funso: "Ndimakhala ku Luchenza, ndipo kuchoka pa tala kukafika kunyumba kwanga pali makilomita atatu a msewu wafumbi. Ntchito ndimagwira pa boma ku Thyolo. Chiyambire ubwana ndimasirira magalimoto othamanga, a sipoti aja, ndipo pano ndasonkhanitsako kangachepe. Ku Limbe ndaona atatu akugulitsidwa: Subaru Impreza WRX ya 2006, Mazda RX-8 ya 2005 yomwe mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndi Toyota Altezza ya 2003. Ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Galimoto yothamanga sigulidwa ndi munthu wofuna kuyenda mwachifatse. Aliyense amene anagwirapo chiwongolero chake, kuyambira mwini woyamba ku Japan mpaka akukugulitsaniyu, anaiponda ndithu. Atatu mwatchulawa ali ndi zaka pafupifupi 20 kapena kuposerapo, choncho chimene mukulipira kwenikweni ndi chisamaliro chimene anthu amenewo anaipatsa. Corolla imapirira mwini wonyalanyaza, oilo akachedwa kusinthidwa imangoyendabe. Awa atatuwa sakhululuka.

Tisanatsegule boneti, tiyambe ndi makilomita atatu afumbi aja. RX-8 ndi Altezza zimachoka kufakitale mimba yake ili masentimita 13 kapena 14 kuchoka pansi, pamene Hilux imaposa 20. Anyamata ambiri akagula amazitsitsanso posintha masipuling'i. Mvula ya kuno mukuidziwa. Pofika Januwale msewu wadothi lofiira umakhala utakumbika mbali ziwiri momwe mumadutsa mathirakitala ndi malole, pakati n'kutsala msana. Msana umenewo ndi umene umang'amba bampala, kuphwanya ekizozi ndi kuboola sampu. Sampu ikabooka oilo amatha m'mphindi zochepa, injini n'kunoka musanafike pa tala. Ndiye tengani thabwa lowongoka ndi tepi yoyezera, mupite pamalo poipitsitsa pa msewu wanu. Gonekani thabwalo mopingasa pamwamba pa msana, muyeze kuchoka pathabwa kufika pansi pa mkwasa wodutsa tayala. Nambala imeneyo mupite nayo ku Limbe, mukaiyerekeze ndi malo otsikitsitsa a galimotoyo m'kati muli anthu awiri kapena atatu. Zikafanana, kapena galimoto ikachepera, dziwani kuti miyezi ya dzinja izigona kwa anzanu m'mbali mwa tala. Musaiwalenso mahampu a m'malo ochitira malonda mu msewu wa M2, omwe galimoto yotsitsidwa imawoloka chammbali ikukhula mimba.

Matayala nawo ndi nkhani ya msewu womwewo. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala monga 215/45R17. Nambala yapakatiyo ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi 45 peresenti ya mulifupi mwake, ndiye kuti pakati pa rimu ndi msewu pali masentimita osakwana 10. Tayala la Corolla la 195/65R15 lili ndi pafupifupi 13. Kusiyana kwa zala ziwiriko n'kumene kumachititsa kuti dzenje lomwe minibasi yadutsa osamva kanthu, kwa inu litulutse chotupa chonga dzira pambali pa tayala ndi kupinda rimu. Papasani matayala onse ndi dzanja, mbali yam'kati yomwe, ndipo yang'anani kuseri kwa marimu ngati anawotchereredwapo. Pafupi ndi malemba oti DOT pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti tayala linapangidwa sabata ya 23 ya 2019. Likapitirira zaka zisanu ndi chimodzi labala amakhala atauma ngakhale mano akuoneka bwino. Mukaona mawu oti STUDLESS kapena kachithunzi ka chipale chofewa, amenewo ndi matayala a nyengo yachisanu ya ku Japan. Pa tala wathu wotentha amafewa, amatha msanga, ndipo pamvula sagwira bwino poima.

Tsopano kuyendera galimoto. Panganani ndi wogulitsa kuti mufike m'mawa isanalizidwe, ndipo mupite ndi makaniko wanu, osati amene wogulitsa wakulozerani. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda bwereraninso tsiku lina, chifukwa utsi, phokoso la mabeyaling'i ndi ulesi poliza zimabisala injini ikatentha. Solani chitsulo choyezera oilo: akhale pakati pa mizere iwiri, asanunkhe petulo, asakhale ndi tizitsulo tonyezimira. Tembenuzani chivindikiro chothirira oilo. Mukapeza zoyera zonga chambiko, madzi akusakanikirana ndi oilo. Injini ikadali yozizira, tsegulani redieta. Muyenera kupezamo coolant wobiriwira, wofiira kapena wabuluu. Mukapeza madzi a pampopi ofiirira dzimbiri, galimotoyo yakhala ikudyedwa m'kati. Funsani makaniko wanu aone ngati thermostat, kavalavu kowongolera kutentha kwa madzi a injini, ilimo. Amakaniko ena akaona galimoto ikutentha amaichotsa, fani n'kuilumikiza kuti izingozungulira kiyi akangotembenuzidwa. Kumeneko n'kubisa matenda, ndipo nthawi zambiri matendawo ndi gasketi kapena redieta yotsekeka.

Lowani m'kati, tembenuzani kiyi koma osaliza. Nyali zonse za pa dashibodi ziyake: ya check engine, ya oilo, ya ABS, ya airbag. Mukaliza zizime pakapita kamphindi. Imene sinayake n'komwe, wina anachotsa babu kapena anaimata kuseri. Kenaka munthu wina alize, inu muime kumbuyo mukuyang'ana ekizozi. Utsi wabuluu ndi oilo amene akupsa. Woyera wokhuthala wosatha ndi madzi, ndipo mukaonanso thovu likubwata mu redieta, gasketi yapita. Wakuda ndi petulo wochuluka. Koma kanthunzi kopyapyala ka m'mawa wa Juni, komwe kamatha pakapita mphindi zochepa, si vuto. Lipirani zinthu ziwiri musanagule: kuilumikiza ku kompyuta yoyezera, ndi kuyeza compression, mphamvu imene injini imapanikizira mpweya m'kati mwake. Pa injini ya mapisitoni, masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Wogulitsa akakana kuyezetsa, wakuyankhani kale.

Subaru WRX ndi imene ingakukopeni kwambiri mukangoiyesa, ndipo pa zitatuzi ndi yokhayo yokoka ndi matayala onse anayi, chinthu chothandiza pamatope ndi pa tala wonyowa. Yochokera ku Japan ya chaka chimenecho ili ndi injini ya EJ20 ya malita awiri, masilinda anayi ogona chammbali, ndi turbo. Chimene chimapha injini imeneyi ndi oilo wochepa kapena wokalamba, ndi petulo wosayenera. Imvetsereni ili yozizira komanso itatentha: kugogoda kwakuya kochokera pansi, komveka kwambiri mukaponda pang'ono n'kusiya, ndi mabeyaling'i a crankshaft, ndipo kukonza kwake n'kuphwasula injini yonse. Makaniko amasule paipi yolowera ku turbo agwedeze kafani ka m'katimo ndi chala. Kusewera pang'ono chammbali n'kololedwa, koma kakamalowa ndi kutuluka, kapena mapiko ake akamakhula khoma, turbo yatha. Mu intercooler, chija chili pansi pa mphuno ya boneti, kunyowa pang'ono ndi oilo si kwachilendo, koma oilo wochita kudontha ndi chizindikiro choipa. Lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 100,000 pamodzi ndi mapule ake, tensioner ndi pampu ya madzi. Akaduka, mapisitoni amamenya mavalavu. Ngati palibe sitika kapena lisiti yosonyeza tsiku losinthira, werengerani kuti musintha inuyo sabata yoyamba. Matayala anayi onse akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, otha mofanana. Kusakaniza latsopano ndi akutha, kapena kugula limodzilimodzi la kaunjika, kumatenthetsa difu yapakati mpaka kuiwononga. Ikafa panjira sikokedwa matayala awiri ali pansi, imanyamulidwa yonse.

Pa WRX yomweyo, chenjerani ndi zosinthasintha. Mukaona valavu yofwenthera mukasiya mafuta, ekizozi yaikulu ngati chitini cha mkaka, sefa ya mpweya yosongoka ili pamtunda, tiwotchi towonjezera pa dashibodi, kapena mawaya olumikizidwa ndi tepi pafupi ndi kompyuta ya injini, mwini wake ankafuna mphamvu zoposa zimene fakitale inaika. Wogulitsa adzakuuzani kuti zimenezo zikukweza mtengo. Kwa ine zikutsitsa. Sefa yapamtunda ija, pa fumbi la Okutobala la msewu wanu, imalowetsa dothi lomwe limapala mapiko a turbo ndi makoma a masilinda. Bokosi la sefa la kufakitale ndi limene likuyenera kuno. Suzumiraninso pansi muone ngati catalytic converter, chosefera utsi cha pa ekizozi, ilipo, poti ambiri amaidula n'kukagulitsa, pamalopo n'kuwotchererapo paipi wamba.

Nkhani ya petulo ikhudza WRX, RX-8 ndi Altezza ya masilinda anayi yotchedwa RS200. Ku Japan anazipangira petulo wa octane yokwera, wa pafupifupi 98 mpaka 100. Pamapampu athu petulo ndi wa mtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zomwe dziko lino linayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Injini yosasinthidwa imadziteteza yokha: kompyuta ikamva kugogoda imabweza mphamvu pang'ono. Imene wina anaikweza mphamvu ndi imene imaswa mapisitoni. Pokwera chitunda mvetserani kaphokoso konga timiyala tikugubuduka m'chitini, ndipo mukakamva musapondenso. Petulo wa m'zigubu, amene amachuluka m'mbali mwa msewu wa ku Muloza mafuta akasowa, musamuyandikize galimoto ya turbo. Simudziwa chimene asakanizamo, ndipo madzi ndi zinyalala zake zimapha pampu ndi ma injector.

Za RX-8 ndilankhula mosapsatira. Kutsika mtengo kwake kuli ndi chifukwa. Injini yake, yotchedwa Renesis, ilibe mapisitoni. Ndi ya mtundu wa rotary: muli zitsulo ziwiri za makona atatu, zotchedwa rotor, zozungulira m'chipinda, ndipo pansonga iliyonse pali kachitsulo kotseka mpweya kotchedwa apex seal. Tizitsulo timeneti tikatha, compression imagwa. Chizindikiro chake n'chosiyana ndi magalimoto ena: m'mawa imalira bwinobwino, koma ikatentha imakana. Choncho iyendetseni mphindi 20 kapena 30, muizimitse, mudikire mphindi zitatu kapena zisanu, mulizenso. Ikachedwa kugwira, sitata ikungozungulira, isiyeni pomwepo. Compression yake siyezedwa ndi geji wamba. Pamafunika makina opereka manambala atatu pa rotor iliyonse, ndipo malire otsikitsitsa a Mazda ndi 6.9 kgf/cm² injini ikuzungulira pa 250 rpm. Funsani kaye kuti ndi galaja iti imene ili ndi makinawo ndi munthu amene anaphwasulapo injini yotere n'kuibwezera. Mukapanda kumupeza musanagule, simudzamupeza itafa.

Ngakhale yabwinobwino, RX-8 imafuna mwini watcheru. Anaipanga kuti izipopera oilo pang'ono m'chipinda choyakira moto, ndiye oilo amatsika mwadala, ndipo muyenera kumuyeza pafupifupi ulendo wachiwiri uliwonse wothira petulo. Mapulagi ake anayi ndi a mtundu wakewake, awiri a leading ndi awiri a trailing, osati ongotola pa shopu ya pa Luchenza. Makoilo akafooka imayamba kuphonya, petulo wosapsa n'kuwononga catalytic converter. Mukailiza yozizira kuti mungoitulutsa pageti n'kuizimitsa nthawi yomweyo, imamira petulo n'kukana kulira. Anthu ena akatopa nayo amaikamo injini ya galimoto ina. Yoteroyo ndi galimoto inanso: yang'anani ngati nambala ya injini yatsopanoyo inalembetsedwa m'mapepala, ngati ABS ndi mawotchi a pa dashibodi zikugwira, ndi mmene anawotcherera zogwirira injini.

Altezza inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo ilipo ya mitundu iwiri imene mukumane nayo. Onani nambala ya chasisi. Ikayamba ndi GXE10, imeneyo ndi AS200, ya injini ya 1G-FE ya masilinda sikisi, yomwe inalinso mu Mark II, Cresta ndi Chaser. Amakaniko athu amaidziwa, ndipo masipeya ake amapezeka mosavutirapo. Ikayamba ndi SXE10, imeneyo ndi RS200, ya injini ya 3S-GE ya masilinda anayi, yamphamvu kuposa inzakeyo, koma zipangizo zake zambiri n'zochita kuitanitsa. Zonse ziwiri zili ndi lamba wa timing. Malo amene ndikufuna muwayang'anitsitse ndi ma ball joint akumunsi a kutsogolo. Pa galimoto imeneyi akatha amatha kuzuka mukuyenda, tayala n'kupindikira m'kati. Ijekeni, makaniko atsomeke chitsulo agwedeze. Ngati mbiri yake siikudziwika, sinthani onse awiri ndi enieni, osati otchipa. Kumbukiraninso kuti Altezza ndi RX-8 zimakankha ndi matayala akumbuyo. Pa tala wonyowa ndi chiperoni, m'makhota a m'minda ya tiyi, mukaponda mafuta msanga potuluka pakona mbuyo imathawa, ndipo m'mbali mwa msewu umenewo mumayenda othyola tiyi, ana asukulu ndi akabaza. Matayala abwino akumbuyo pa galimoto zotere ndi nkhani ya moyo wa anthu.

Thupi la galimoto liyendereni masana, padzuwa, ili youma. Galimoto zothamanga zambiri zinagundapo, ndipo funso ndi lakuti zinagunda motani. Imani pakona muyang'ane m'mbali mwake motsata kuwala: penti yokonzedwa imachita mafunde kapena makwinya onga khungu la lalanje. Mipata ya pakati pa boneti, mafenda ndi zitseko ifanane mbali zonse. Kulungani maginito m'kansalu muyendetse pazitseko ndi pamafenda akumbuyo. Pomwe sakugwira pali fila wokhuthala, kupatula pa boneti ya WRX, ndi pa boneti ndi zitseko zakumbuyo za RX-8, zomwe ndi za aluminiyamu. Mabawuti ogwira mafenda akakhala okalika mitu, anamasulidwapo. Chofunika koposa ndi zitsulo ziwiri zikuluzikulu za chasisi zoyenda m'mbali mwa injini. Zikaoneka zokwinyika, zowotcherera kapena zopakidwa phula watsopano mbali imodzi, galimotoyo siidzayendanso mowongoka, ndipo izidya matayala mpaka kalekale. Ikwezeni padzenje la pagalaja muone pansi ndi tochi. Magalimoto ochokera kumadera achisanu ku Japan kapena ku UK amabwera ndi dzimbiri la mchere wothira m'misewu, ndipo chinyezi cha kuno chimalifulumizitsa. Bayani ndi sikuludiraiva pomwe mukukayika.

Pali chinanso cha kuno kwathu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anamiza katundu wambiri ku Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ndipo magalimoto omira amaumitsidwa n'kubwerera pamsika. Tukulani kapeti pansi pa mipando ndi m'buti momwe mumakhala tayala lapadera. Fufuzani matope ouma, dzimbiri panjanji za mipando, ndi fungo la chinyezi lophimbidwa ndi zonunkhiritsa. Solani lamba wa pampando mpaka kumapeto muone ngati pali mzere wa madzi. Galimoto yomira imavuta zamagetsi mosatha, lero ichi mawa icho.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, labala wa mapedulo, ndi mbali ya mpando wa dalaivala. Ngati pali export certificate ya ku Japan, imasonyeza makilomita amene analembedwa pa kuyezedwa kwa galimoto m'mbuyomo. Pepala la okushoni likapezeka, giredi 4 kupita m'mwamba ndi yabwino, pamene R kapena RA ikutanthauza yokonzedwa pambuyo pa ngozi, ndipo XX pa chithunzi ndi mbali imene inasinthidwa. Ndi nambala ya chasisi yomweyo fufuzani ngati airbag inasinthidwa, chifukwa Impreza ndi RX-8 za zaka zimenezi zinali m'gulu loitanidwa kaamba ka ma airbag a Takata, omwe amaphulika ndi tizitsulo akakalamba m'malo otentha ndi achinyezi.

Poyesa, kuzungulira m'tauni ya Limbe sikukwanira. Msewu wa Chigumula ndi Bvumbwe uli ndi zitunda ndi makhota okwanira, ndipo wa Midima uli ndi malo owongoka. Wailesi ikhale yozima. Ngati ndi ya manyuwo, ikani giya 4 kapena 5 pa liwiro la 50, mupondereze mafuta. Injini ikakwera mawu koma liwiro osakwera, klatchi yatha. Sinthani kuchoka giya 1 kupita 2, ndi 3 kubwerera 2, mofulumirirapo. Kukukuta ndi ma synchro otha, tizitsulo tothandiza magiya kulowa mofewa, matenda a galimoto zothamangitsidwa. Ya otomatiki isagwedeze polowa giya, ndipo oilo wake akhale wofiira, wosanunkha kupsa. Kulira kwa mluzu kochokera kumbuyo, kosintha mukaponda ndi kusiya mafuta, ndi difu. Pamalo owongoka opanda anthu, pepukitsani manja pachiwongolero muone ngati ikukokera mbali, kenaka mugwire mabuleki mwamphamvu. Chiwongolero chikanjenjemera, madisiki apindika. Pahampu mvetserani kugogoda kwa mabushi ndi mashokapu. Muvi wa kutentha ukhale pakati pokwera chitunda. Mukabwerako isiyeni ikulira mphindi khumi, muone ngati fani ikuyaka ndi kuzima yokha, muyang'anenso pansi ngati padontha kanthu.

Mapepala angakulandeni galimoto yabwinobwino. Nambala ya chasisi yodindidwa pachitsulo, ya pakachikwangwani ka m'chipinda cha injini, ndi ya mu blue book zikhale chimodzimodzi, chilembo ndi chilembo, ndipo pozungulira podindapo pasaoneke kupala kapena kuwotcherera. Dzina la mu blue book lifanane ndi chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsani. Akati galimoto ndi ya achimwene awo omwe ali ku Joni, dikirani mwini wake kapena kalata yovomerezeka yomupatsa mphamvu yogulitsa. Funsani umboni woti msonkho wa MRA unalipidwa. Galimoto yolowa mwaulere wa msonkho ikhoza kukusiyirani ngongole posintha umwini, ndipo ya nambala ya ku Mozambique kapena ku South Africa yolowa ndi chilolezo cha kanthawi siyololedwa kugulitsidwa isanalipiridwe msonkho. Poti tili pafupi ndi chipata cha Muloza, zoterezi zimafika kuno, ndipo mtengo wake umakhala wokoma. Pitani nayo kupolisi akaifufuze ngati siyobedwa. Funsaninso ngati siinaikidwe chikole kubanki kapena kwa akatapila. Kusintha umwini kachiteni ku Road Traffic nonse awiri ndi wogulitsa, poti nonse mumafunika kupezeka m'kaundula wawo wa pakompyuta wa MalTIS, ndipo musadutsire kwa madobadoba. Lembani mgwirizano wokhala ndi nambala ya chasisi, mtengo, tsiku ndi mboni ziwiri. Ndalama zidutse kubanki, ndipo gawo lomaliza muperekere pomwe umwini wasinthidwa. Za inshulansi kafunseni musanagule, mutatchula mtundu ndi chaka, chifukwa galimoto ya zaka zimenezi ena amangoilola third party yokha.

Tiwerengere za m'thumba. RX-8 kawirikawiri imayenda makilomita 6 mpaka 8 pa lita, WRX 8 mpaka 10, Altezza 9 mpaka 11, ndipo phazi likalemera zimatsikanso. Ngati pamwezi mumayenda makilomita 1,000, galimoto ya 7 pa lita ikufuna malita 143, pamene ya 14 pa lita ikufuna 71. Chulukitsani ndi mtengo wa lero wa MERA muone ngati malipiro anu akuvomera. WRX imafuna oilo wa synthetic wa 5W-30 kapena 5W-40, malita anayi ndi kanthu, pa makilomita 5,000 aliwonse, osati 20W-50 wothira m'minibasi. Masipeya ambiri amachokera ku Japan, Dubai kapena South Africa, ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense woitanitsa zipangizo anazimva. Kudikira chipangizo kumatha milungu, ndiye ganizirani kuti ku Thyolo muzipita bwanji masiku amenewo. Pa ndalama mwasungazo, patulani gawo limodzi mwa magawo anayi lisapite kwa wogulitsa. Limenelo ndi la sabata yoyamba: oilo ndi sefa, oilo wa giyabokosi ndi difu, coolant, mapulagi, lamba wa timing, mapaipi a labala a petulo ngati auma, matayala, ndi brake fluid wa DOT 4. Ameneyu amayamwa chinyezi ndipo amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Wokalamba amawira potsika mtsetse wautali ngati wa ku Chikwawa, pedulo n'kulowa pansi.

Maganizo anga pa zitatuzi ndi awa. RX-8 isiyeni, pokhapokha mutakhala ndi galimoto ina yopitira kuntchito, makaniko wodziwa rotary, ndipo itapambana mayeso oliza yotentha. WRX ndi imene ikugwirizana ndi matope a kwanu ngati sanaitsitse, koma muigule pokhapokha ili monga inachokera kufakitale, compression yafanana, ndipo pali malisiti a oilo ndi lamba. Altezza ya AS200 siithamanga ngati zinzakezo, koma ndi imene munthu wa malipiro a pamwezi angaisunge pamsewu, bola muyezo wa thabwa uja uvomereze. Zonse zitatu zikalephera, onaninso Suzuki Swift Sport ya ZC32S, yomwe inayamba kupangidwa mu 2011. Ili ndi injini ya 1.6 yopanda turbo, ya tcheni m'malo mwa lamba, ndi yopepuka, imamva chiwongolero m'makhota, ndipo imamwa petulo pang'ono kuposa zitatuzi. Nayonso muiyeze mimba ndi tepi, muilize yozizira, ndipo muikweze padzenje musanakambe za mtengo.